Mfuti Ziwiri ndi Chinangwa cha Nanthambwe

Ana inu, kumapiri a ku Ntchisi kunali mayi wamasiye dzina lake Nanthambwe. Chaka china chimanga chidapsa ndi dzuwa, ndipo ana ake ankangodalira chinangwa cha m'munda wa kutsidya. Koma nguluwe ina idaudziwa mundawo. Mbandakucha uliwonse inkafukula mizere itatu.

M'mudzimo munali mfuti ziwiri za chifefe, zija amakoka chigwiriro kumbuyo ndi kutsogolo kuti chipolopolo chilowe. Ina inali ya alamu ake, a Yotamu, yatsopano yochokera ku Joni. Ankaipaka mafuta a mtedza tsiku ndi tsiku mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Inayo inali ya a Chadzunda, amene adakalambira pa ulonda wa kuesiteti. Idasulidwa iwo asanabadwe, nidutsa m'manja mwa alonda atatu, ndipo thabwa lake lidachita kuyera ndi zikhatho.

Loweruka lililonse Nanthambwe ankawaona pakhonde a Chadzundawo. Ankayamba achotsa zipolopolo, namasula mfutiyo, nayala tizitsulo pachiguduli. Kenaka ankakoka kansalu ndi chingwe mumpope mpaka katuluke koyera. Mafuta ankathira a makina osokera, madontho atatu basi.

Tsiku lina Nanthambwe adati akapemphe a Chadzunda kuti adzamuphere nguluwe ija. "Mlamu, ndodo ya agogoyo isiyeni ipume," adatero a Yotamu. "Mawa mudya nyama."

Mbandakucha a Yotamu ndi Nanthambwe adakabisala pansi pa mkuyu wa m'mbali mwa munda. A Chadzunda adabwera osaitanidwa, mfuti yawo ili paphewa. "Ndingokuperekezani, miyendo iwongoke," adatero.

Nguluwe idatulukira, msinkhu ngati mwana wa ng'ombe. A Yotamu adakoka chigwiriro, koma chidangoti gwa! Adakokanso ndi mphamvu, chitsulo chidalira, ndipo chilombocho chidatembenuka n'kulunjika pamene padali Nanthambwe. Mayiyo adangomva mfuti ya a Chadzunda kumbuyo kwake khwatya-khwatya, phuu! Nguluwe idagwa pamzere womaliza.

Anthu asanafike, a Chadzunda adatengera mfuti ya a Yotamu kuseri kwa mtengo naimasula. Mafuta aja anali atauma ngati ulimbo, ndipo nyerere zinali yakaliyakali.

"Mafuta odya amaitana akudya, mwana wanga," adanong'ona, akuipukuta ndi kansalu kawo komwe.

Am'mudzi atafunsa amene wawombera, a Chadzunda adangoti, "Tinalipo awiri." Mwendo wa nyama adapatsa a Yotamu.

Nanthambwe adatola nkhuyu yofiira bwino kuti anyowetse kukhosi. Poibenthula, nayonso inali nyerere zokhazokha. Adayang'ana alamu ake, onse awiri n'kuphulika kuseka.

"Chikomekome cha nkhuyu, mlamu," adatero, "m'kati muli nyerere."

Chinangwa chija chidafikitsa ana ake m'masika, ndipo mawuwo adasanduka mwambi. Amatiphunzitsa kuti kuwala kwa kunja sikutiuza za m'kati. Chinthu, ngakhalenso munthu, timachidziwa pa tsiku la nguluwe, ndipo chimene chimayankha tsikulo n'chimene chinkasamalidwa kumene maso safika.