Matope a Khofi pa Bulauzi Yoyera

Ana inu mumakonda kufunsa kuti miyambi inachokera kuti. Ena amangokuyankhani kuti inachokera kwa makolo, n'kuthera pomwepo. Limenelo ndi yankho la ulesi. Mwambi uliwonse uli ndi khomo lomwe unatulukira, ndipo wa lerowu unatulukira pakhomo pa Mayi Elube Mtambalika, telala wa ku Kawale. Tcherani khutu, chifukwa sindibwereza.

Mayi Elube anali munthu wa manja achangu ndi mtima wosadikira. Tsiku lina anakapereka makatani amene anasoka ku nyumba ina yogona alendo m'tauni. Mwini malowo anawapatsa khofi wakuda m'kakapu kakang'ono, wathovu lofiirira pamwamba. Anamwa kamodzi n'kutha. Pobwerera m'minibasi ankangonyambita milomo, ndipo kuyambira pamenepo tiyi wa kunyumba ankawakomera ngati madzi otsukira mbale.

Pakamwa pawo panangokhala nkhani imodzi: makina ophikira khofi. Mlongo wawo Dokiso, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatopa ndi mafoni a m'mawa ndi madzulo, mpaka anatumiza katundu pa basi. Munali makina onyezimira ngati galasi, kachigayo kamagetsi kogayira khofi, ndi mapaketi a khofi wokazinga kale koma wosagaya.

Tsiku limenelo Mayi Elube sanasoke ngakhale batani. Analulutira, anavina, anaitana oyandikana nawo kuti adzaone. Kenaka anachotsa wailesi ya amuna awo pa shelufu, pakuti m'nyumba monse pamenepo ndi pomwe panali soketi, n'kuikapo makinawo.

A Mtambalika anali munthu wa tiyi ndi wailesi. Atalowa anaima kaye pakhomo.

"Mayi a Ulemu, wailesi yanga yalakwa chiyani?"

"Yakalamba, bambo a Ulemu. Ipumeko."

"Nanga chinthu chanuchi chizitiuza zigoli za mpira?"

"Mukamwako kamodzi kokha, mpirawo mukamenya nokha."

Mawa lake anatsegula paketi. Anaona timbewu takuda, tonyezimira mafuta, nati mumtima: nyemba zosatsuka sizilowa mumphika mwanga. Anatitsuka m'beseni bwinobwino, n'kutiyanika pa lichero. Koma kudikira kuti tiume kunawakanika. Anatithira m'kachigayo tili tonyowa. Kachigayo kanalira ngati mbuzi yomangidwa, kanabuula, kenaka kanangoti zii. Masana onse anathera pokolokosa phala lakuda m'mano mwa kachigayoko ndi chipini.

Ataona kuti khofi satsukidwa, anagwa m'dzenje lina. Mayi Elube analeredwa ndi mawu akuti mkazi amadziwika ndi kusalala kwa ufa wake. Choncho anapotokola kachigayo mpaka kumapeto kuti kazigaya mosalala kwambiri, ndipo atagaya anasefanso ndi sefa. Ufa wa khofiwo unatuluka wofewa ngati paudala. Anauthira m'kachipande kachitsulo komwe amamangirira ku makinawo, nautsindira ndi mphamvu zonse za dzanja lawo. Makina anang'ung'udza, nanjenjemera, koma m'kapu munangogwa timadontho titatu towawa ngati mankhwala a malungo.

Masiku anapita chomwecho. M'mawa uliwonse kachigayo kankadzutsa nyumba yonse pamodzi ndi agalu a oyandikana nawo. Fumbi la khofi linafika patebulo, pamkeka, mpaka m'thumba la malaya a a Mtambalika. Khofi yekha ndiye sankafika m'kapu.

Chovuta chinali chakuti Mayi Elube anali atalengeza kale kutchalitchi kuti Lachinayi amayi a mpingo akatha mapemphero adzamwe khofi wa makina kunyumba kwawo. A Mtambalika atamva zimenezi anapukusa mutu.

"Timvane, mayi a Ulemu. Amayi anzanuwo akachoka pano osamwa khofi, makinawa ndikawasiya kwa msuweni wanga kumsika, awagulitse. Nyumba yasanduka chigayo, koma ufa wake sitiudya."

"Ndavomera," anatero Mayi Elube asanaganize n'komwe. "Inu konzani kukhosi kwanu, mumwa khofi."

Lachinayi linafika. Amayi anadzaza pabalaza, onse m'mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Wapampando wawo, Mayi Nachisale, munthu wamkulu wolankhula pang'onopang'ono, anawakhazika pafupi ndi shelufu kuti aone bwino zodabwitsazo. A Mtambalika anakhala pakhonde ndi katoni yoikamo makinawo pambali pawo, akunamizira kusenda nzimbe.

Mayi Elube anagaya, anasefa, anatsindira, ndipo chifukwa panali alendo anatsindiranso kawiri. Anamangirira kachipande n'kudina batani. Makina anayamba kung'ung'udza. Amayi onse anatong'ola maso pa kapu. Kapu inali gwaa.

"Mwina akupemphera kaye," anatero mayi wina kumbuyo, ndipo ena anaseka chobisa m'zitenje.

Kusekako kunawabaya Mayi Elube. Sanazimitse makina, sanadikire kuti apume. Anagwira kachipande n'kukapotokola kuti aone chatsekeka. Madzi otentha amene anali atapanikizika m'katimo anapeza njira. Panangomveka kuti phwaa. Matope akuda anauluka: pakhoma, padenga, pankhope ya Mayi Elube, ndipo ambiri anatera pa bulauzi yoyera ya Mayi Nachisale, kuyambira pakolala mpaka m'chiuno. Mwamwayi palibe amene anapsa.

A Mtambalika anasuzumira pakhomo, katoni ili m'manja.

Mayi Elube anagwada pamaso pa Mayi Nachisale. "Amayi, ndikhululukireni. Ndakuchititsani manyazi." Kenaka anatembenuka, misozi ikulengeza. "Bambo a Ulemu, bweretsani katoniyo. Makinawa atengeni. Ine ndinkafuna khofi, osati zimenezi."

"Taimani kaye ndi katoni yanuyo, bambo," anatero Mayi Nachisale akupukuta pachibwano ndi nsonga ya chitenje. "Iwe Elube, makutu athu anatopa ndi nyimbo ya makinawa. Unkawalira iwe kapena ife?"

"Ndine, amayi."

"Chaka chija mvula inachedwa, tinakapemphera kuphiri titavala zoyera zomwezi. Pobwerera inatipeza m'njira. Tinafika kunyumba matope ali m'mawondo, nsapato zili m'manja. Unamvapo wina akuti mvula ibwerere kumene yachokera?"

"Iyayi, amayi."

"Ndiye tenga chikolopa. Walira mvula walira matope. Ine bulauzi yanga yamwa kale, koma mwini wake sanamwe, ndipo sindichoka pano."

Amayi anaphulika kuseka. Wina anatenga ndowa, wina nsanza, wina anakwera pampando kupukuta denga. Mayi wina amene ankaumba miphika anatsina ufa wa khofi wotsala m'mbale n'kuufikisa pakati pa zala.

"Anzanga, ili ndi dongo. Madzi adutsa pati? Madzitu amadutsa mumchenga."

Mayi Elube anaima chilili. Anakankhira sefa pansi pa tebulo, natsuka kachipande, napotokola kachigayo kubwerera m'mbuyo. Ulendo woyamba madzi anathamanga ngati pampopi, khofi wake wotumbululuka. Anataya. Anabweza kachigayo pang'ono, natsindira mwaulemu ngati akusisita mwana. Makina anang'ung'udza, ndipo kuchokera pansi pa kachipande panatsika kamzere kofiirira, kopyapyala ngati ulusi, kosaduka. Fungo linadzaza nyumba mpaka pakhonde. Thovu linakwera pamwamba pa kapu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Kapu yoyamba inapita kwa Mayi Nachisale. Analawa, nakwinya nkhope yonse.

"Chonsecho unkalirira zowawa chonchi? Bweretsa shuga ndi mkaka, mwana iwe." Atathira anamwanso, natseka maso. "Eya. Tsopano ndamva. Ndipangirenso ina."

Aliyense anamwa tsiku limenelo, mmodzimmodzi, pakuti makinawo sadziwa kuphikira gulu. A Mtambalika anali omaliza. Anamwa ataimirira, kenaka anayang'ana m'kapu mopanda kanthumo.

"Mawa musanayatse chigayo chanucho muzindidzutsa kaye. Bola ndidzuke ndi mawu anu kusiyana ndi kulira kwa mbuzi. Ndipo yanga izikhala ya mkaka."

Amayi aja pobalalika anatenga mawu a Mayi Nachisale n'kupita nawo m'makomo mwawo, ndipo kuchokera kumeneko anafalikira paliponse: walira mvula walira matope.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Chinthu chabwino chimene ukuchilakalaka sichibwera chokha, chimabwera ndi mavuto ake pamsana. Wofuna njinga wafunanso kugwa ndi kumata matayala. Wofuna kudziwa kuwerenga wafunanso kusekedwa pamene akukakamira pa chilembo chimodzi anzake akumvera. Ukachipeza chimene unkalira, usachithawe tsiku loyamba limene chakudetsa. Mayi Elube mpaka lero amapukuta shelufu ija m'mawa uliwonse, akung'ung'udza, kapu ili m'dzanja linalo.