Kalilole wa kwa a Nangondo

Panali mayi wina, dzina lake Esinala, amene anatsatira mwamuna wake kumalaini a esiteti ya tiyi. Kuphika ankakudziwa, ndipo ankadzimva nako. Nyemba zake zinkagwirana, msuzi wake wokanirira kuchala.

Kumalainiko anamva mawu amene anamuzunguza mutu. Dzuwa likafika paliwombo anthu ankaseka n'kumati, "Kwa a Nangondo lero kuli kalilole." Akatero n'kumalowera komweko, kwa mayi wachikulire woyandikana naye nyumba. Esinala ankadabwa. Galasi lodziyang'anira n'la chiyani nthawi ya chakudya?

Anafunsa mwamuna wake.

"Amenewo ndi mawu a akuluakulu akale," mwamunayo anatero. "Ndiwo zikachuluka madzi mpaka munthu kudziona nkhope m'mbale, ndiye kalilole."

Esinala analumbira chamumtima kuti mphika wake sudzatchedwa dzina limenelo. Ankaphikira anthu awiri ndendende, ndipo akamva odi ndiwo zili pamoto, ankakankha chitseko n'kungoti zii. Dzina lija analipewadi. Koma pabwalo pake panayamba kumera udzu, ndipo zinkamuwawa.

Tsiku lina pochokera kuchigayo anapeza bambo ake omubereka, amene anayenda wapansi kuchokera kumudzi, ali pakhonde la a Nangondo, mbale ili m'manja. Nyemba zake zinali zochita kuwedza.

"Amayi, bambo anga mwawapatsa zimenezi?" anafunsa monong'ona. "Simuchita manyazi?"

"Ndinaphikira ana anga okha, mwanawe," anayankha a Nangondo. "Ndiye ndimve odi kwanuko, woyankha palibe. Ndikanatani? Nyemba siziswana mumphika, koma madzi alipo."

Esinala anaona bambo ake akupukuta mbale ndi chala, ndipo manyazi anagwira iye.

M'mawa mwake, ndiwo zitangopsa, wogulitsa makala wina anaodira, atalema, kupempha madzi akumwa. Esinala anatunga chikho. Anaima nacho kaye akuyang'ana msuzi wake wokongola uja. Kenako anakhuthulira mumphika, n'kutunga china cha mlendoyo.

Mwamuna wake atasuzumira m'mbale anaseka. "Kani kalilole wafika ndi kuno?"

"Wafika," anatero Esinala. "Sunthani, alendo akhale."

Inu amene mukundimva, mwina m'mbale zanu simunadzionerepo nkhope ndi tsiku limodzi lomwe. Musafulumire kunyada nazo. Dzifunseni kaye kuti ndani anaodira pakhomo panu n'kubwerera ndi njala.