Zikhomo za Nguluwe

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunamizira kuwodzera uko, kutsidya kwa nyanja yamchere kunali dziko lotchedwa Amereka. Musandifunse ngati ndinafikako. Ine ulendo wanga wautali unathera pa Mchinji, ndipo pobwera ndinasanza m'basi.

M'dzikomo nyama zinadzazana kum'mawa mpaka kumapondana michira. Kenaka kunamveka mbiri yakuti kumadzulo kuli malo ambiri, achonde, opanda mwini. Bwalo la nyama linaika lamulo: aliyense apite akakhome zikhomo pamene wakonda, ndipo amene agone m'kati mwa zikhomozo kufikira nthawi yokolola, malowo ndi ake.

Nguluwe atamva, mtima unali dyokodyoko. Ndaona wina akufuna kufunsa ngati ku Amereka kuli nguluwe. Nguluwe imapezeka paliponse pamene pali chinangwa cha eni ake. Ndikudziwa chifukwa mfunda wanga ndi Nguluwe. Amene ndikunenayu ndi mbale wanga, ndipo ndimachita naye manyazi.

Anzake analongedza makasu, mbewu ndi miphika m'ngolo zawo. Iye analongedza zikhomo zokhazokha, n'kuponya kathumba ka mbewu pamwamba. Ngolo gudugudu, gudugudu, kulondola dzuwa. Anawoloka mitsinje, anadutsa zigwa, mpaka anafika pa dambo lalikulu la dothi lakuda bii. Anayang'ana uku, zii. Anayang'ana uko, zii. Basi anatsitsa zikhomo, kho! kho! kho!

Chikhomo china chinaboola denga la nyumba ya Mfuko, amene ankakhala pansi pa nthaka ndi ana ake, n'kuima pambali pa mphasa ya mwana wakhanda. Mfuko anatulutsa mutu, dothi lili mbuu kumaso.

"Bambo, kwanu kulibe odi?"

"Odi wa chiyani pamalo opanda mwini? Ine sindinaone munthu pano."

Mfuko anamuonetsa milu ya dothi imene inali mbwee dambo lonse, nanena kuti ina ndi makomo a abale ake, ina ndi manda a makolo ake. Nguluwe anati milu si zikhomo. Anawonjezera kuti mvula ikangogwa adzatipula dambo lonse ndi mphuno yake, ndipo amene ali pansi adzaona yekha chochita.

Mfuko anachita mantha kwambiri. Ana ake anali asanatsegule n'komwe maso, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Kumenyana sakanatha, pakuti Nguluwe akanangomuyetsemulira, nkhani n'kutha. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anapita kwa mlendoyo akuwomba m'manja.

"Zikomo bambo, ndinu odzichepetsa. Anzanu akuluakulu sakhutira ndi kuno kwa amphawi."

"Kwa amphawi? Kuno si kumadzulo?"

"Taonani dzuwa. Kodi laima pano? Likungotidutsa, likukagona kuseri kwa phiri ilo. Kumene limagonako chinangwa chimakula ngati ntchafu yanu. Ife tinatsala kuno chifukwa cha miyendo yaifupi."

Nguluwe anayang'ana phiri, malovu chuchuchu. Anayang'ananso dambo, mtima n'kuwawa. Ife a Nguluwe kusiya chinthu kumatidwalitsa. Tikakhala pa ukwati timadya tikuyang'ana mbale ya mnzathu. Choncho anaganiza nzeru imene iye anaiyesa yakuya: atenge konse kuwiri. Zikhomo azisiya chiimire kuti ngolo zina zizilambalala, ndipo Mfuko akhale mlonda wake, azigona m'katimo osachokapo ngakhale tsiku limodzi.

Mfuko anayamba wakana, nati ntchitoyo ndi yolemetsa kwa mayi wa ana. Nguluwe anamuopseza ndi mano ake aja, ndipo Mfuko anavomera akupukuta misozi imene panalibe.

Ngolo gudugudu, gudugudu. Koma uthenga wa pansi pa nthaka umathamanga kuposa ngolo. Kuseri kwa phiri, Nguluwe atangoti kho! kho! kunatulukira mlamu wake wa Mfuko.

"Taonani dzuwa, bambo. Kodi laima pano?"

Nguluwe anasiya zikhomo, anasiya mlamuyo ngati mlonda, gudugudu. Kutsogolo anapeza azakhali ake a Mfuko, mawu omwewo. Kutsogolonso msuweni, mawu omwewo. Mvula inagwa ali m'njira. Njala itamupweteka anakazinga mbewu zija n'kutafuna. Gudumu linathyoka, ngolo anaisiya, nayenda wefuwefu ndi chikhomo chimodzi kukamwa.

Potsiriza nthaka inatha. Kutsogolo kunali madzi okhaokha, ndipo dzuwa linalowa m'madzimo iye akuona. Mbale wangayo anakhomabe chikhomo chake mumchenga. Funde linabwera, phwaa! n'kuchitenga.

Anabwerera nthiti zikuonekera, napeza anzake akukolola. Atafika pa dambo lija anauza Mfuko kuti ulonda watha, asamuke. Mfuko anati nkhaniyo ikamveke ku bwalo. Woweruza anali Njati, ndipo anafunsa kuti zikhomozo anakhoma ndani. Nguluwe anadziguguda pachifuwa. Njati anafunsanso kuti anagonamo ndani kufikira kukolola.

"Ine, bambo," anatero Mfuko, ana ake ali ndondondo pambuyo. "Anandikakamiza ndi iwowa. Ndinayesa kukana."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Njati anagamula kuti dambo ndi la Mfuko, kuseri kwa phiri ndi kwa mlamu, ndipo kwinako ndi kwa azakhali ndi msuweni. Mfuko anathokoza mwaulemu popatsidwa malo amene munali kale mafupa a agogo ake. Abale ake ena, amene anafikiridwa ndi alendo ochenjera kuposa Nguluwe, sanaone mwayi wotere, ndipo zimenezo siziseketsa.

N'chifukwa chake mpaka lero Nguluwe alibe munda. Amangofukula minda ya eni, mphuno pansi, kufunafuna Mfuko kuti akambiranenso.

Nthano yanga yafika pa chikhomo chotsiriza, yathera pompa. Ana inu, musanakhome kanthu, yambani mwagogoda pansi n'kunena odi. Tsono wina andidzutse m'mamawa. Ndili ndi kapuloti ku Lilongwe kamene ndinasiyira mlonda, ndipo ndamva kuti wabzalapo mango.