Masamba a Pabwalo

Bwalo la pakati pa mudzi lilibe mwini. Anyamata amasewererapo mpira, maliro amadutsapo, ndipo dzuwa likawala amayi amayanikapo masamba a fala olukira mikeka. Koma Tausala, poti khomo lake linapenya pabwalopo, mumtima ankati mbali yowomba dzuwa bwino ndi yake.

Pomwepo mpamene ankayanika Leilua, mkazi wa ku chilumba china wokwatiwa m'mudzimo. Masamba ake ankauma oyera mbee, amayi n'kumayamikira, Tausala mtima uli phwii. Mwana wa Tausala, Iulieta, anali pafupi kukwatiwa, ndipo mkeka wa ukwatiwo unayenera kuposa yonse. Nanga n'kuposedwa ndi mlendo?

"Anzathu obwera inu," anatero Tausala tsiku lina, "bwaloli munachita kubwera nalo pa boti?"

Leilua anangoseka, nati dzuwa ndi la tonse.

Munthu wansanje muzimuopa akakhala chete. M'mawa mwake Tausala anaona masamba atayalidwanso pamalo paja. Lamulo ankalidziwa, loti nkhumba yopezeka pabwalo imaphedwa n'kugawidwa, koma mumtima anati yake aibweza msanga wina asanaone. Anagumula mpanda wamiyala wa nkhumba yake yonona, ija ankasungira ukwati, namwaza kokonati wopala kuchokera pakhola mpaka pamasambapo, iye n'kukabisala kuseri kwa tchalitchi.

Nkhumba sinachite ulesi. Inapondaponda, inafukula, inagubuduka m'dothi. Tausala asanatuluke pobisala, anyamata ochokera kunyanja anali ataizinga kale ndi zikwanje.

Kenaka kunamveka kulira. Anali Iulieta. Masamba aja anali ake. Masamba a Leilua anali atauma dzulo lake, ndiye m'mamawa iye anaitana mtsikanayo kuti ayanike pamalo abwinowo, poti ukwati wayandikira.

Masana nyama inagawidwa khomo ndi khomo. Leilua anafika ndi mtolo wa masamba ake oyera aja, nautula pakhomo.

"Lukirani awa, amake Iulieta. Mwana asapite kwa eni ake chimanjamanja."

Tausala sanadzutse mutu. Fungo la nkhumba yake linkachokera mbali zonse za mudzi, agalu ali kalikiliki ndi mafupa.

Ukwati unachitika wopanda nkhumba, mkwatibwi atakhala pa mkeka wa masamba a mlendo. Musamatchere msampha podutsa aliyense, simudziwa phazi limene likapondepo. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.