Mpeni Umene Ngaka Sankafuna Kuumaliza

Kalekale, ng'ombe zisanaiwale kuyankhula, kunali Ngaka. Muli nane kodi? Ngaka ndi uja wa mamba thupi lonse, woyenda chowerama ngati wataya singano.

Ngakayu anali mlimi ngati wina aliyense, koma anali ndi kachizolowezi kake. Akaweruka kumunda, anzake akamapita ku bawo, iye ankalowa m'kachisakasa kuseri kwa nyumba, n'kukoleza makala m'chipala, n'kuyamba kusula zitsulo. Sankagulitsa ayi. Ankangokonda kumva nyundo ikulira. Wovukuta moto anali mnansi wake, mai Nungu, amene pakamwa pawo pankabaya kuposa minga yawo.

Ngaka analibe mwana wobereka yekha. Mkazi wake anamwalira kale, n'kumusiyira khasu limodzi lokha, limene ankalisunga kudenga. Koma tsiku lina mphepo inagwetsa chisa mumtengo, ndipo Ngaka anatola kamwana ka mbalame kopanda nthenga, kakunjenjemera. Anakaika pafupi ndi chipala kuti kamve kutentha, n'kumakadyetsa chiswe. Kanakula, kanayera mbee! Anali Kakowa, mtsikana. Nthawi imeneyo akakowa anali ndi timilomo tifupitifupi ngati ta nkhuku. Ngaka ankamukonda mwanayo koopsa, inu.

Chaka china kunafika akakowa aulendo, n'kutera padambo. Anasimba kuti kutsidya kwa nyanja yaikulu yamchere kuli dziko la udzu wokhawokha, ng'ombe zosawerengeka, abusa ake oyenda pa akavalo. Mbusa aliyense ali ndi mpeni wautali wosomeka pa lamba kumsana. Ndi umenewo amadulira chingwe, amadyera nyama, amazulira minga kuphazi.

"Tikupita komweko," anatero. "Mphepo ya mwera ndiyo itinyamule. Mwera ukaleka, njira yatsekeka."

Kakowa anabwera kunyumba chothamanga.

"Ababa, ndikufuna kukaweta ng'ombe kumeneko."

Ngaka mtima unamupweteka, koma sanakane. Anati, "Mwana wanga sangapite chimanjamanja. Ndikusulira mpeni wa abusawo. Koma undilonjeze, sunyamuka mpeni usanathe."

"Ndalonjeza, ababa."

Ngaka anatsitsa khasu la malemu mkazi wake, poti chitsulo chabwino pakhomopo chinali chokhacho. Mai Nungu anavukuta, fuu, fuu, fuu! Chitsulo chinafiira psuu! Ngaka anachipana ndi mbaniro, n'kuchiika pamwala, n'kuyamba kumenya uku akuimba chapansipansi:

Ngo, ngo, nyundo yanga,
yenda pang'onopang'ono, ngo!
Mwana akali pakhomo, ngo!

Mpeni unatuluka wautali ngati mkono, woongoka bwinobwino. Ngaka anaukweza, anatsinzina diso limodzi, anapukusa mutu.

"Wapindika."

"Wapindika pati?" anafunsa mai Nungu. "Kapena apindika ndi maso anuwo, aNgaka?"

"Vukutani, mai. Wosula ndine."

Mpeni unabwerera pamoto. Tsono mudziwe ichi, inu amene simunakhalepo pachipala. Chitsulo chikalowa pamoto, potuluka chimasiya timakoko takuda pansi. Chimachepa. Moto sugwira ntchito yaulere.

Masiku anapita. Gulu loyamba la akakowa linanyamuka. Kakowa anakwera pachulu n'kuliyang'ana mpaka linazimirira, kenaka anatsika kukatunga madzi. Sanadandaule. M'chisakasa nyundo inali kulira:

Ngo, ngo, nyundo yanga,
yenda pang'onopang'ono, ngo!
Mwana akali pakhomo, ngo!

Mpeni unatulukanso, wokongola, koma wofupikirapo. Ngaka anaukweza, anatsinzina diso, anapukusa mutu.

"Msana wake wakhuthala."

"Dzana unali wopindika, lero wanenepa," anatero mai Nungu. "Mawa mudzati ukutsokomola."

"Vukutani, mai."

Mpeni unabwereranso pamoto. Gulu lachiwiri linanyamuka. Kakowa anakwera pachulu, ndipo ulendo uno anachedwa kutsika. Chiswe chimene bambo ake anamusungira chinangouma m'mbale.

Kachitatu mpeni unatuluka. Ngaka anaukweza, anatsinzina diso.

"Nsongayi..."

Mai Nungu anaika mvukuto pansi.

"Ine ndaleka. Manja ndi anga."

"Mai, moto uzima!"

"Uzime. Tayang'anani pansipo, aNgaka."

Ngaka anayang'ana. Timakoko takuda tinali mulu kuzungulira mwala.

"Limenelo ndi khasu la malemu. Mwalidyetsa moto. Tsopano yang'anani m'manja mwanumo."

Ngaka anayang'ana. Mpeni uja wautali ngati mkono unali utatsala ngati chala.

"Tsopano tulukani mukayang'ane pachulu."

Ngaka anatuluka. Mwera unali utafooka, masamba akungogwedezeka pang'ono. Padambo panatsala kagulu kotsiriza, kakukonza mapiko. Ndipo pachulu panali Kakowa, ataonda, khosi litalowa m'mapewa, nthenga zake zoyera zija zitatuwa ndi fumbi. Ngaka anamuona mwana wake bwinobwino kwa nthawi yoyamba chiyambire kusula. Mwanayo nayenso anali atachepa.

"Mwana wanga, tsika."

Kakowa anatsika, anagwada pambali pa bambo ake.

"Mpeni uja..." Ngaka anayamba.

"Musavutike, ababa," anatero Kakowa. "Nyimbo yanu ija ndimaimva. Chisakasa chilibe chitseko. Ngati mpeni sutha, ine ndikhala. Munanditola ndilibe nthenga, ndiye nthengazi ndi zanu."

Eee, abale! Akanakalipa mwanayo, bwenzi zili bwino. Akanathawa, bwenzi Ngaka atapeza pokwiyira. Koma mawu ofatsa amenewo anamulowa mpaka m'kati, kupyola mamba onse aja. Anachita manyazi, anamva chisoni, ndipo anabwerera m'chisakasa.

"Mai Nungu, chonde, kamodzi kokha."

"Kotsiriza?"

"Kotsiriza."

Fuu, fuu, fuu! Ulendo uno Ngaka sanaimbe. Anaongola nsonga, anafiiritsa kachitsuloko, n'kukaviika m'mafuta a nsatsi. Tswee! Kanalimba. Koma chitsulo chongolimba chimathyoka ngati phale, choncho anakapukuta n'kukagoneka paphulusa lotentha, osati pamoto, kuti kafunde mofatsa. Anakayang'anira monga ankayang'anira kamwana kaja kali kopanda nthenga. Pang'onopang'ono kanasintha mtundu, kanachita chikasu ngati udzu wa m'chilimwe. Pomwepo anakachotsa, anakanola pamwala, n'kutuluka nako.

"Pepa, mwana wanga. Mpeniwu unayenera kukhala wautali ngati wa abusa aja. Ndauononga ndine."

Kakowa anaulandira ndi mapiko awiri, anautembenuza, ndipo anamwetulira.

"Ababa, ine lamba ndilibe, manja ndilibe. Wautali uja ukanandigwetsera m'nyanja. Uwu ndiye wanga."

Anauika pa kamlomo kake kaja. Unakwana ndendende, ndipo sunachokenso.

Kagulu kotsiriza kanali katadzuka kale padambo. Kakowa anagunditsa mutu wake pachifuwa cha bambo ake, anagwadira mai Nungu, n'kutambasula mapiko. Kamphepo kotsalira ka mwera kanamunyamula. Anazungulira pamwamba pa chisakasa, akuyang'ana pansi. Ngaka anadziwa kuti mwanayo akaona misozi atera, ndipo sadzanyamukanso. Ndiye anabisa nkhope pamimba, anakulunga mchira pamutu, anadzipinda ngati nkhata, kuti zii.

Mai Nungu anadikira mpaka kumwamba kunayera. Kenaka anagogoda pamamba paja mofatsa.

"Wapita, aNgaka. Wawapeza anzake. Dzukani, makala akali ndi moto. Mpeni wanga wosendera chinangwa unabuntha kale, inu osauona."

Ngaka anadzitambasula, anapukuta m'maso, n'kukatola nyundo yake.

Kakowa anafika kutsidya, anaweta ng'ombe, anabereka ana, ndipo onse anabadwa ndi mlomo umenewo. Zidzukulu zina zinabwerera kuno. Mukaona kakowa akutsata ng'ombe padambo, muyang'ane mlomo wake, wosongoka, wachikasu. Ndi khasu la mkazi wa Ngaka limenelo. Ndipo mukakumana ndi ngaka n'kudzipinda, musamutole, musamumenye. Mlekeni, akukumbuka mwana wake.

Phunziro lake nali, ananu ndi akulu omwe. Amene mumamukonda musamusunge ndi zifukwa zabodza, chifukwa amatha pang'onopang'ono inu mukuti mukumusamala. Nthawi yake yopita ikakwana, mpatseni chimene muli nacho, ngakhale chichepe, ndipo mumlole apite.

Makala anga azima pamenepa, nthano yatha. Amene anaika mbatata paphulusa akaphule, isanasanduke khala.