Lilime la Birame

Pa munda wa tomato wa Don Eulogio, kunja kwa tauni ya Níjar, ntchito inkayamba ndi lilime la munthu mmodzi. Dzuwa lisanatenthe mapulasitiki ofolera mundawo, Birame Faye ankatsamiritsa njinga yake pampanda, n'kutsegula mpopi wa pachitsime, kutapa madzi m'dzanja ndi kulawa. Akati "lero ali bwino," pampu inkalizidwa. Akakwinya nkhope, ankatseka wa pachitsime n'kutsegula wa padziwe la madzi ogula. Chitsimecho chinali pafupi ndi nyanja, ndipo mvula ikachedwa mchere unkalowamo mwakachetechete. Kachipangizo koyezera mchere kanafa kalekale. Palibe anagula kena, pakuti lilime la Birame linali laulere.

Woyamikiridwa pa tomato wokongolayo sanali Birame ayi. Anali kapitawo wake, Ferney Ocampo wa ku Colombia. Onse awiri anali obwera muno mu Spain, koma kubwera kumasiyana. Ferney anabwera pa ndege, jekete ili paphewa, Chisipanishi cha bwana atayamwira kubere la amayi ake. Lamulungu ankakhala benchi imodzi ndi Don Eulogio kutchalitchi. Zikalata zake sizinachedwe, ndipo tsopano anali ndi nyumba ya pamunda, galimoto ya bwana ndi kamimba koyamba kutsogola. Birame anabwera pa bwato la asodzi kuchokera ku Senegal, masiku asanu ndi anayi pamadzi. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha akugona m'chisakasa cha matabwa ndi mapulasitiki otayidwa, iye ndi anzake asanu, wopanda pepala loti n'kuonetsa wapolisi.

Chimene Birame ankafuna chinali chimodzi: kalata ya ntchito yosainidwa ndi bwana. Ndi kalatayo akanapempha chilolezo chokhala m'dziko, ndipo ndi chilolezocho akanapita kwawo ku Joal kukaona amayi ake, amene chifuwa chinali chitawagwetsa pamphasa, n'kubwereranso kuntchito. Popanda chilolezo kupita kunali kupitiratu, pamene khomo lonse kwawoko linkadya thukuta lake. Don Eulogio sankayankhula ndi antchito akuda. Ankati sawada, kungoti sawamva. Choncho mawu onse ankadutsa mwa Ferney.

Masana anthu a ku Senegal ankazungulira beseni limodzi la mpunga wa nsomba, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana, monga mwa mwambo wawo. Ferney anaitanidwa tsiku lililonse kwa zaka zonsezo. Sanakhalepo pansi n'kamodzi komwe. Ankadyera m'galimoto, magalasi atakwezedwa. Tsiku lina Birame anasamba m'manja n'kukagogoda pagalasipo.

"Akapitawo, ndamva kuti chaka chino bwana alemba munthu mmodzi ndi kalata. Mundikumbukire."

Ferney anatsitsa galasi theka, m'kamwa muli mkate wa chimanga. "Iwe ndi kalata yako ija! Anthu inu mumakonda kulira bwanji? Ine ndinafika kuno ndi kachikwama kamodzi, lero tandiona. Dziko lino silivuta, m'bale wanga, ovuta ndi anthu. Phunzira chilankhulo, uzivala bwino, usiye zomagwadagwada kupemphera nthawi ya ntchito, zitseko zitseguka zokha."

"Chilankhulo ndikuyankhula nanuchi n'cha mbalame?"

"Aaa, chimenecho n'Chisipanishi? Kwathu mwana wa zaka zitatu akhoza kukuseka."

"Mwanayo azindiseka, palibe kanthu. Koma amayi akudwala, akapitawo."

"Amayi a aliyense amadwala. Ndiona."

"Ndiona" wa kapitawo timamudziwa tonse amene tinagwirapo m'mapulasitiki muno. Galasi linakwera.

Lamulungu lotsatira pakhomo pa Ferney panali mlamu wake Yeison, mchimwene wa mkazi wake Nelcy. Yeison anali nazo kale zikalata. Chimene analibe ndi ntchito, atachotsedwa kumalo omwera mowa chifukwa chothandiza makasitomala kumwa. Mbande ya tomato sankaisiyanitsa ndi udzu. Ferney anamulonjeza ntchito ya kalata ija msuzi usanazizire. Nelcy, amene ankasamalira agogo ena kutauni ndipo ankadziwa kulemera kwa ntchito ya manja, anaika supuni pansi.

"Bambo a Camila, nanga Birame? Yeison ndi mchimwene wanga, koma munda uja wauimika ndi Birame."

"N'chifukwa chake sindingamupatse," anayankha Ferney, m'maso muli gwa. "Ukamupatsa chilolezo, mawa lomwe wapita kwa wolipira bwino. Pano apita kuti? Wopanda zikalata sapita kulikonse."

Mawu amenewo amandipsetsa mtima mpaka lero. Munthuyo sanachite mosadziwa. Anaona chingwe chili m'khosi mwa mnzake, n'kuganiza kuti n'chabwino kugwirira.

Birame anadziwa za nkhaniyi ataona Yeison akutsika m'galimoto ndi jombo zatsopano. Anangotsegula mpopi, n'kulawa madzi monga mwa masiku onse. Anzake ankamunena kuti ndi wofatsa mopusa, iye n'kumati chaka chamawa chiliponso.

Amayi ake sanadikire chaka chamawa. Anamwalira mwezi wa chilimwe, Lachinayi m'mawa, ndipo masana omwewo anaikidwa. Birame anaperekeza maliro pafoni, ataima kuseri kwa pulasitiki, mng'ono wake atakweza foni m'mwamba kumandako kuti aone dothi likutsika. Misozi inali chuchuchu, milomo ikunong'ona pemphero. Apo n'kuti Ferney akudutsa pagalimoto. Analiza hutala kawiri.

"Iwe wakuda! Foni nthawi ya ntchito? Makatoni adzinyamula okha?"

Mmodzi wa anzake a Birame anathamangira kugalimoto n'kumuuza kuti ndi maliro a amayi ake. Ferney anakanda kumutu, nati, "Pepani. Akamaliza abwere, lole ikudikira." Birame anamaliza, ananyamula makatoni onse mpaka lole inadzaza, n'kukwera njinga yake. M'mawa mwake pampanda panalibe njinga. Anzake asanu aja nawonso sanabwere.

Ferney anaseka chikhakhali. "Azipita! Pamphambano pali akuda odzaza malole." Anapitadi pamphambano ya kutauni pomwe aganyu amaima m'bandakucha, n'kutola ena asanu ndi mmodzi. Manja anawapeza, koma za lilime sanaganize. Yeison anati madzi ndi madzi. Ferney analawa kamodzi atangomwa khofi wa shuga, nati ndi okoma. Madzi ogula ankaona ngati kuwononga, moti anatseka mpopi wa padziwe kuti bwana amuyamikire. Mvula sinagwe, ndipo mchere unakwera m'chitsime.

Sabata yachiwiri masamba anayamba kupsa m'mbali. Maluwa anayoyoka. Ferney ataona mbewu zikufota anati ndi ludzu, n'kulamula kuti pampu izilira kawiri kuposa kale. Ankathirira ndi mtima wonse, mchere n'kumaunjikana kumizu. Pofika sabata yachinayi tomato yense anali atada kumatako, ndipo pansi panali poyera ngati pathiridwa ufa.

Don Eulogio anabwera ndi mlangizi wa zaulimi. Mlangiziyo anaviika kachipangizo kake m'madzi, n'kupukusa mutu, nafunsa kuti zaka zonsezi ankayeza ndani. Anachita kuyankha ndi Yeison: "Kunali wakuda wina ankangolawa."

"Ali kuti?" anafunsa bwana.

"Anachoka, bwana. Anthu aja sayamika."

Nkhope ya Don Eulogio inafiira kuposa tomato amene analibeyo. "Ndiye ine ndinkadyetsa ndani m'nyumba mwanga muja? Ndinkayesa ndiwe wosiyana ndi enawo. Obwera nonse ndinu amodzi! Makiyi a galimoto. Nyumba ndikuifuna Loweruka."

Benchi ya kutchalitchi sinamuthandize, Chisipanishi chosalala chija n'chimodzimodzi. Yeison anakwera basi ya ku Madrid osatsanzika. Nelcy ndi mwana anakapempha kachipinda kwa agogo aja, komwe mwamuna sankaloledwa kugona. Ferney anapeza bedi la lendi kwa munthu wina wakwawo. Mbiri imathamanga m'mapulasitiki muno, moti paliponse pamene anagogoda ankamudziwa kale kuti ndi kapitawo uja anathirira munda ndi nyanja. Mapeto ake anakaima pamphambano pomwe paja, pakati pa anthu amene ankawasankha ndi chala.

Magalimoto ankaima, madalaivala n'kumayang'ana manja ndi mapewa. Kamimba kaja sikanamuthandize. Iye ankathamangira pagalasi, chiphaso chili m'manja: "Bwana, ine ndili ndi zikalata!" Wina anamuuza mosabisa kuti wa zikalata amadula, amadziwanso njira ya ku ofesi yodandaulira. Masiku asanu anatha osatengedwa.

Tsiku lachisanulo anayenda wapansi kukafunsa kuminda ya kutali, n'kubwerako chimanjamanja dzuwa lili paliwombo. Njira inamudutsitsa pazisakasa zimene kale ankaziona pagalasi. Ludzu linali litamugwira. Pamthunzi wa khoma la matabwa anaona munthu akukonza tayala la njinga. Anali Birame.

"Birame, m'bale wanga! Mulungu ndi wabwino. Tandigawireko madzi, ndikufa."

Birame anamuyang'ana. Kenaka anadzuka, anatunga m'chigubu n'kumupatsa kapu. Ferney anagugudiza, n'kulavula pomwepo.

"Awa ndi amchere! Ukufuna kundipha?"

"Lero ali bwinoko," anatero Birame. "Mukanabwera sabata yatha."

"Mumamwa amenewa?"

"Mwaona mpopi pano? Timatunga pa paipi yothirira imene imadutsa kuseriku. Imachokera pansi pomwe pamachokera chitsime cha bwana wanu. Munkayesa lilime langa ndi mankhwala a asodzi? Kapena munkayesa ndimakonda tomato? Ndinkadziwa mcherewo chifukwa ndinkaumwa ndisanafike kuntchito. Zaka zisanu ndi ziwiri, akapitawo. Mimba yanga ndiyo inali kachipangizo kanu."

Ferney anayang'ana kapu, n'kuyang'ana zigubu zofoleredwa ndi chiguduli. "Sindinkadziwa."

"Munafunsa? Munkadutsa pano kawiri pa tsiku."

"Zinthu zandivuta, Birame. Masiku asanu palibe wonditenga. Dziko lino ndi lankhanza."

Anzake a Birame amene ankamvera ali m'chisakasa anaphulika kuseka. Wina anakuwa: "Masiku asanu! Mupatseni mpando mkuluyo, wavutika!" Winanso anati, "Aphunzire chilankhulo, azivala bwino, zitseko zitseguka zokha!" Birame yekha sanaseke.

"Tamvera," anatero Ferney. "Tiye limodzi kwa bwana wina. Iwe madzi, ine pakamwa. Ndikangopeza ukapitawo, kalata yako ndi yoyamba, ndikulumbira pa mwana wanga."

"Kalata yokaonera ndani?" Mawu a Birame anakwera koyamba m'zaka zonsezo, mpaka sipanala inagwa m'manja mwake. "Amayi anandidikira zaka zisanu ndi ziwiri. Mlungu wawo womaliza ankafunsa aliyense wolowa pakhomo ngati ndine. Dzina limodzi lokha mukananena kwa bwana, ndikanawagwira dzanja. Inu munaliza hutala. Tsopano kwatsala manda, ndipo manda sathawa. Kalata yanuyo musunge."

Posakhalitsa beseni la mpunga linatuluka, amuna aja n'kukhala mozungulira. Ferney anatembenuka kuti azipita, ngakhale anali ndi njala.

"Bwerani mudye," anatero Birame, osamuyang'ana. "Amayi anandiphunzitsa kuti wodutsa samanidwa chakudya, ndipo sindiwanyoza chifukwa cha inu. Khalani apo. Koma musadzanditchulenso m'bale wanu."

Ferney anakhala pansi pafumbi, koyamba. Anadya mutu uli pansi, ndipo mpunga utamutsamwa panalibe china chotsitsira koma kapu ija. Anamwa yonse.

Birame adakali pomwepo, wopanda chilolezo, akuyamba chaka chachisanu ndi chitatu. Kugwa kwa kapitawo sikunamubwezere amayi ake, ndipo n'chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi. Ferney anafika patali chifukwa ananyamulidwa ndi chilankhulo, tchalitchi ndi lamulo lomukomera, iye n'kumayesa ndi miyendo yake, mpaka kumanyoza oyenda pansi kuti akunyowa dala. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.