Mbusa Chikadza ndi Mlamu Wake

Kalekale, mphwanga, amayi a m'mudzi wina anatopa ndi kuthamangitsana ndi mbuzi m'minda. Anapangana kuti: "Tiike mbuzi zathu m'khola limodzi, tipeze mbusa mmodzi. Zikaswa, ana tizigawana."

Mbusa anapezeka, dzina lake Chikadza, munthu wa pakamwa pozuna ngati uchi.

Iye anati: "Amayi anga, gonani tulo. Zanga ndiikanso momwemo, koma ana a zangazo ndi anga. Woyang'anira ntchito yanga ndamupeza kale, mlamu wanga Malizani."

Amayi aja anaomba m'manja. Ha! Mbusa kudzisankhira yekha womuyang'anira? Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Pakati pawo panali mayi wamasiye, Nangondo. Mbuzi yake inali imodzi yokha. Nkhokwe yake inali mbee, ndipo ankadikira kambuzi koti akasinthe ndi mbewu mvula isanagwe.

Nyengo yogawana inakwana. Timbuzi tinali yakaliyakali m'khola.

Amayi anafunsa: "Tathu ndi titi?"

Chikadza anati: "Pepani, zaswa zanga zokha."

Malizani anati: "Zoonadi."

"Nanga zathu zonsezi?"

"Sizinatenge bere."

Malizani anati: "Zoonadi."

Mitambo inali itayamba kuda. Nangondo mtima unamuwawa, koma sanakalipe ayi.

Anati: "Bambo Chikadza, ine sindikukutsutsani. Koma timbuziti tigone patokha. M'mawa mutitsekulire ife tikuona."

Akanakana bwanji pamaso pa anthu?

Kutacha anatsekula. Timbuzi tinatuluka ndi njala, mee, mee! Tambiri tinangodutsa mbuzi za Chikadza osacheuka. Kena uku, kena uko, kalikonse kwa make. Tiwiri tinakagwada pansi pa mbuzi ya Nangondo, timichira tikugwedezeka.

Nangondo anatembenuka nati: "A Malizani, lero simunena kuti zoonadi?"

Malizani anangozyolika, chala chikukanda pansi.

Tsiku lomwelo amayi anachotsa Chikadza ndi mbuzi zake. Mbusa watsopano anamusankha okha. Womuyang'anira anamusankhanso okha, munthu wosadyera mbale imodzi ndi mbusayo. Ndipo mwini mbuzi aliyense ankalowa m'khola tsiku lomwe wafuna. Nangondo anadzala ndi mvula yoyamba.

Tsono iwe mphwanga, ndamva kuti mukusonkha chuma chanu pamodzi kuti wina akuyendetsereni. Sonkhani, mutu umodzi susenza denga. Koma uyambe wafunsa: woyang'anira wosungayo wamusankha ndani? Akakuuza kuti ndi mlamu wake, gwira mbuzi yako ubwerere.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepo.